Kuno ku UK, khofi wa njere wabwino koma wosaboola m'thumba apezeka kuti?

Mlendo wa ku Luton

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Ndili ku Luton ndipo khofi ndimadzipangira pakhomo ndi French press, botolo lija la sefa yokankhira pansi, makapu awiri m'mawa uliwonse. Wa njere wa m'masupamaketi akumatuluka wowawa ngati kwinini, pena fungo lake ziii. Wa kwa okazinga ang'onoang'ono aja ndi wokoma ndithu, koma kapaketi ka magalamu 250 sikafika masiku khumi, mtengo wakenso ngolira nawo. Ndimapera ndi kachigayo kamagetsi kaja kokhala ndi mpeni wozungulira. Kodi alipo wabwino wotsika mtengo kuno? Nanga wa kwathu, wa Mzuzu, amapezeka?

Sikelo Sanama

Achimwene, musanayang'ane dzina la kampani kapena dziko limene khofiyo wachokera, tembenuzani paketi mufufuze tsiku limene anamukazinga. Amalemba kuti roasted on. Mapaketi ambiri a m'masupamaketi tsikuli salemba, amangoika best before, ndipo imeneyo kawirikawiri imakhala chaka chathunthu kapena kuposa kuchokera pamene anakazinga. Ndiye paketi imene best before yake yatsala miyezi itatu, khofi wakeyo wagona miyezi isanu ndi inayi. Sangakudwalitseni ayi, koma fungo linapita kalekale. Mukasowa pogwira, pisani dzanja kumbuyo kwa shelefu mutenge imene tsiku lake lili patali kuposa zinzake.

Khofi akangokazingidwa amatulutsa mpweya kwa masiku angapo, n'chifukwa chake paketi yabwino imakhala ndi kabatani kozungulira kotulutsira mpweyawo osalola wakunja kulowa. Sabata yoyamba amakhala asanakhazikike. Amakoma kwenikweni kuyambira tsiku la 7 kapena la 10 mpaka sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kupyola apo amayamba kusukuluka.

Tsono pa ndalama, werengerani mtengo wa kilo osati wa paketi. Makapu anu awiriwo amadya magalamu 30 patsiku, pamwezi 900. Tingoyerekeza kuti kapaketi ka 250 mukugula £9. Ndiye kuti kilo ikukudyerani £36, kapu imodzi 54p. Wokazinga yemweyo thumba la kilo akamagulitsa £24, kapu yatsika kufika 36p, pamwezi mwasungako pafupifupi £11. Mitengoyi ndangoika kuti muone kawerengedwe kake, inu muikepo yeniyeni. Okazinga ambiri amatsitsa mtengo mukatenga kilo, ndipo salipiritsa positi mukagula zopyola ndalama inayake, choncho kuphatikiza oda ndi mnzanu wa kutchalitchi kapena kuntchito kumathandiza. M'masitolo chenjerani ndi mapaketi a magalamu 227 ndi 200, amene pamaso amafanana ndi a 250. Pa kapepala ka mtengo ka pashelefu amalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono mtengo wa pa kilo kapena pa magalamu 100. Werengani pamenepo.

Wotsika mtengo koma wabwino ndi amene wokazinga aliyense amamutcha house blend, kapena wa ku Brazil, Colombia, Honduras ndi Peru. Wa ku Kenya ndi ku Ethiopia amakwererapo, ndipo mukaona mawu oti Geisha dziwani kuti m'thumba mupsa. Yambani ndi kuyerekeza mitengo ya pa kilo kwa okazinga monga Rave a ku Cirencester, Union ndi Pact. Mukafika ku London, Algerian Coffee Stores pa Old Compton Street ku Soho, sitolo ya mu 1887, amakuyezerani mlingo umene mwafuna, ndiye mutha kulawa pang'ono musanagule wambiri. Koma musayembekezere mitengo ya zaka zisanu zapitazo. Mu February 2025 khofi wa mtundu wa arabica pa msika wa ku New York anapyola koyamba madola anayi pa paundi ya pa sikelo, chilala cha ku Brazil chitaononga mbewu, ndipo zimenezo zinatifika mpaka pashelefu.

Kilo ikafika, siyani ipume sabata imodzi, kenako igaweni m'timatumba kapena timabotolo totseka bwino, magalamu 200 kapena 250 kalikonse. Kamodzi kakhale m'kabati, tinato mu firiza. Mu firiza khofi amakhala miyezi itatu kapena kuposa osasintha. Potulutsa kathumba musatsegule nthawi yomweyo, kasiyeni kagone patebulo usiku wonse, chifukwa njere zozizira zikakumana ndi mpweya wa m'khitchini zimachita thukuta, ndipo chinyezi ndiye mdani wake. Kotuluka kasabwererenso. Mu furiji musaikemo n'komwe, amayamwa fungo la anyezi ndi nsomba.

Nambewe wa Ketulo

Zonse akunena a Sikelo n'zoona, koma ine ndikuti mlandu wa kwininiyo suli pa njere zokha. Pali oganiziridwa ena awiri m'khitchini mwanumo.

Woyamba ndi kachigayo. Ka mpeni kaja sikapera, kamangotema. Mukatsegula muona zina zili mibulumibulu ngati misere, zina zasanduka fumbi losalala ngati ufa woyera. M'madzi otentha fumbilo limatulutsa zonse mpaka kuwawa, pamene mibuluyo siinatulutse kanthu ndiye imawawasa. Kapu imodzi kuwawa ndi kuwawasa pamodzi, ngakhale khofiyo akhale wodula chotani. Chofunika ndi chigayo cha mano, chimene amachitcha burr grinder, chomwe njere zimadutsa pakati pa zitsulo ziwiri n'kutuluka zofanana. Cha pamanja monga Timemore C2 kapena C3, kapena Kingrinder, chimapera magalamu 30 pasanathe mphindi ziwiri. Cha magetsi chodziwika ndi Baratza Encore ndi Wilfa Svart, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pa eBay ndi pa Facebook Marketplace. Ndalama ya miyezi iwiri kapena itatu ya khofi wodulayo ikwana chigayo cha pamanja. Podikira, kachigayo kanuko muzikaliza pang'onopang'ono, masekondi awiri n'kuima, n'kukakhutchumula, kenako musefe fumbi ndi kasefa ka tiyi mutaye.

Wachiwiri ndi madzi. Luton, London ndi chigawo chonsecho madzi ake amachokera pansi pa miyala ya choko, ali ndi laimu wambiri. Suzumirani m'ketulo mwanu, mupeza zoyera zitamata pansi. Madzi otere amapha kakomedwe kaja kokhala ngati ka zipatso, khofi n'kumangomveka fwaa, wopanda moyo. A ku Manchester, Birmingham ndi Glasgow vutoli alibe, madzi awo ndi opepuka. Inu gulani jagi yosefera madzi ngati Brita, muzisintha sefa yake mwezi uliwonse, ndipo ketuloyo muziwiritsamo viniga wosakaniza ndi madzi kuti zoyerazo zichoke, n'kutsukuluza bwino.

Kapangidwe kake mu French press: magalamu 30 a khofi pa mamililita 500 a madzi. Yezani pa sikelo ya kukhitchini, sipuni imanama chifukwa khofi wokazinga kwambiri ndi wopepuka kuposa wokazinga pang'ono. Perani mokhakhalako, ngati shuga wa bulauni wa mibulu. Madzi akabwata dikirani theka la mphindi, thirani onse, musiye mphindi zinayi osagwedeza. Pamwamba pachita chikhungu. Chiphwanyeni ndi sipuni, chambiri chimira, thovu lotsala muwaule. Dikiraninso mphindi zisanu kuti matsenga akhazikike pansi. Potsitsa sefa musakankhe mpaka pansi, ingofikitsani pamwamba pa khofiyo n'kuthira mosamala. Ndipo thirani yense. Wotsala m'botolomo amapitiriza kuviikika, kapu yachiwiri n'kukhala mankhwala.

Akawawasa, mawa perani mosalalako. Akawawa n'kuuma kukhosi, perani mokhakhalako. Sinthani chinthu chimodzi patsiku, apo ayi simudziwa chimene chathandiza.

Chinanso, yang'anani njerezo. Zikakhala zakuda bii, zonyezimira mafuta, ndiye kuti anazikazinga mopyola, ndipo kuwawako n'kwa kupserera. Mapaketi olembedwa Italian kapena French roast, kapena strength 5, ndi amenewo. Nambala imeneyo sikuti ikunena za mphamvu yochotsa tulo, ikunena za kuda kwa kakazingidwe. Tengani wa 3, wolembedwa 100% arabica. Wosakaniza ndi mtundu wina wotchedwa robusta amatchipa ndipo amadzutsadi, poti robusta ali ndi kafeini pafupifupi kuwirikiza kawiri, koma wopanda mkaka ndi shuga amamveka ngati tayala lopsa. Ngati wakudayo munagula kale, madzi azikhala ozizirirapo, madigiri 85 mpaka 90, kuwawa kumachepa.

Mphepo ya Misuku

Pa funso la wa kwathu. Khofi wa Mzuzu Coffee amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'makopaletivi a ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, ku Viphya, m'mapiri a Nkhata Bay, ku Mzimba ndi ku Ntchisi. Kummwera kuli wa m'maesiteti, monga Satemwa ku Thyolo. Ndi arabica, ndipo wambiri ndi wotsuka, uja amachotsa khungu n'kuviika asanayanike. Vuto ndi loti dziko lathu limakolola wochepa, ndiye kuno sakhala pashelefu chaka chonse. Amathyoledwa nyengo yozizira mpaka kulowa chilimwe, kenako kuyanika, kusankha, ulendo wa pa doko ndi panyanja, n'kufika kwa okazinga a kuno chakumapeto kwa chaka kapena kumayambiriro kwa chinacho. Nthawi imeneyo ndiyo yofufuza pa intaneti, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wa khofi wapamwamba, osati wa tsiku ndi tsiku.

Akasowa, funani wa kummwera kwa Tanzania, wa ku Mbeya, Mbozi kapena Ileje. Ileje ndi Misuku angolekana ndi mtsinje wa Songwe, mapiri ndi amodzimodzi. Wa ku Kasama ku Zambia nayenso sali kutali.

Njira yotchipa ndi kutuma amene akubwera kuchokera kumudzi. Khofi wokazinga saletsedwa kulowa naye muno, zoletsedwa ndi nyama ndi za mkaka, ndipo katundu wa mphatso wosapyola £390 salipira msonkho. Koma muwauze zinthu ziwiri momveka bwino: paketi ikhale yolembedwa beans osati ground, poti wopera kale fungo limathawa m'masiku ochepa akatsegulidwa, ndipo agule m'sabata yonyamukayo m'sitolo imene katundu amayenda msanga. Paketi ikafika yotupa musadandaule, ndi mpweya uja wafufuma m'ndege.

Phale la Agogo

Palibe watchula njira yotchipa kuposa zonsezi: kugula wosakazinga, wobiriwira uja, n'kukazinga nokha. M'masitolo a anthu a ku Ethiopia ndi Eritrea ku London ndi mizinda ina amagulitsa, chifukwa kwawo khofi amakazinga pakhomo mlendo akuona.  Wosakazinga amasungika miyezi yambiri m'kabati mouma. Powerengera mtengo kumbukirani kuti pokazinga amapepuka, kilo imatsala magalamu 850 kapena kucheperapo.

Amene anakazingapo mtedza wadziwa kale theka la ntchito. Tengani chiwaya chokhuthala, magalamu 150 okha kuti njere zisasanjikizane, moto wapakati, mthiko usaime. Mphindi zinayi kapena zisanu zoyamba zimasanduka zachikasu, fungo ngati la udzu wouma. Kenako zimafiira. Chapakati pa mphindi 8 ndi 12 mumva zikuthetheka mokweza ngati mbuliwuli. Kuchokera pamenepo werengani mphindi imodzi kapena ziwiri, phulani. Mukachedwa mumva kuthetheka kwina kwa pansipansi, ngati tsekera likupsa, utsi n'kuchuluka, ndipo mwafika kale ku wakuda wowawa amene mukumuthawayo. Khuthulirani m'sefa yachitsulo msanga, muzipeta panja kuti zizizire ndi kuti mankhusu auluke, poti zikakhala m'chiwaya zimapitiriza kupsa zokha. Njere zotuwa zimene zakana kufiira muzitole mutaye, zinathyoledwa zosapsa ndipo zimaononga kapu yonse. Dikirani masiku atatu musanapere.

Zolakwika ndi ziwiri. Moto ukachuluka kunja kumapserera mkati muli mwauwisi, khofi n'kumamveka utsi ndi nyemba zosapsa. Ukachepa n'kupyola mphindi 20, amatuluka wopanda fungo ngati buledi wagonera.

Nambewe wa Ketulo

A Phale, mwaiwala alamu ya utsi. Nyumba za kuno zogawana zija, alamuyo ikalira imadzutsa nyumba yonse, ndipo kuiphimba kapena kuchotsa batire n'kusewera ndi moyo, kwa eni nyumba ndi mlandunso. Pa chitofu cha magetsi chimene chimachedwa kumva ukachepetsa moto, kukazinga mofanana n'kovuta kwambiri. Kwa amene ali ndi bwalo kuseri ndi kachitofu ka gasi, inde. Kwa a m'chipinda chimodzi, ine ndingati ayi.

Mlendo wa ku Luton

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira. M'ketulo muli zoyerazo ndithu, ndipo pa paketi alemba strength 5. Ndalama ya mwezi uno ikwana chimodzi chokha, chigayo kapena kilo ya khofi wabwino. Ndiyambe ndi chiti?

Sikelo Sanama

Chigayo, achimwene. Kilo yabwino mu kachigayo ka mpeni mungoitaya. Mwezi uno tengani wa njere wa m'supamaketi momwemo, wa 3, wa ku Colombia kapena Peru, wa tsiku lakutali, muphunzirirepo kasinthidwe ka mano a chigayocho. Pa Timemore C2, manganitsani mano mpaka atseke, kenako bwezani mukuwerenga kulira kwake ka 24, muyambire pamenepo. Chigayo chatsopano musachitsuke ndi madzi, ingoperani kadzanja ka njere mutaye, ndipo musamachizungulitse chili chotseka chifukwa mano amakhulana. Jagi ya madzi ndi kilo zibwere mwezi wa mawa.