Za inshuwaransi ya galimoto ija, ndabwera nalo yankho

Abale anzanga a muno mu Harare, paja ndinafunsa ngati inshuwaransi yomwe timadula pokatenga disiki ya ZINARA (bungwe loyang'anira misewu kuno ku Zimbabwe) ingakonzetse galimoto ya mlamu wanga itagundana ndi ina. Zikomo nonse amene munayankha. Tinapita ku kampani yake, ndipo yankho ndi lakuti ayi.

Imene mlamu anadula ndi third party. Iyi imalipira munthu wina amene mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, nayonso ili ndi malire ake. Galimoto yanu mukonza nokha. Ambiri timangoona kuti apolisi atilola kudutsa pa roadblock, basi tiyesa kuti tatetezeka. Yokonzetsa galimoto yanu ndi comprehensive, koma nayo muyambe mwafunsa za excess, ndalama imene mumayamba mwatulutsa m'thumba mwanu kampani isanalipire yotsalayo.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: galimoto yolembetsedwa kuti ndi ya pakhomo ikamanyamula anthu olipira ngati mushikashika, kampani ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika. Anzathu ambiri ku Mbare ndi ku Epworth akudyera momwemo, chonde awuzeni.

Inu opita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, Yellow Card, inshuwaransi ya third party yoyendera m'mayiko ena a m'bungwe la zamalonda la COMESA, imagwira ntchito ku Malawi, koma Mozambique sili m'bungweli, choncho mudzadula inshuwaransi ina pachipata cholowera m'dzikolo.

Kampani ikakukanizani popanda chifukwa chomveka, kadandauleni ku IPEC, bungwe loyang'anira makampani a inshuwaransi ndi mapenshoni kuno ku Zimbabwe.