Kodi mawu akuti Ifa amatanthauza chani?

Mnyamata wa Ulongwe: Akuluakulu ndithandizeni, ndaona vidiyo pa YouTube munthu wa ku Nigeria akungoti Ifa Ifa uku akuponya timbewu pansi, ine mtima unagunda ndimvekere akunena za imfa kapena? Ndikufuna kudziwa zenizeni.

Agogo a Domwe: Ayi mwanawe, si imfa. Kwa a Yoruba, mtundu wa anthu a ku Nigeria, Ifa ndi ula wawo, woombezayo amamutchula babalawo, amagwira nthanga 16 za kanjedza kapena kaunyolo kotchedwa opele nkumalemba timizere pa ufa m'mbale yamtengo, ndiye zikagwa zimaloza chizindikiro chotchedwa odu, ma odu alipo 256 ndipo odu iliyonse ili ndi ndakatulo zake zoloweza pamtima, munthu amaphunzira zaka ndithu. Nzeruzo amati nza Orunmila, mulungu wawo wa nzeru. Ine ndimazipatsa ulemu, si zamasewera izi.

Dalaivala Moatize: Agogo zikomo, ine ndikamva IFA ndimaona malole aja a ku East Germany ankadzaza mumsewumu tili ana, utsi kuti tolo.

Mayi a Tsangano: UNESCO inalemekeza Ifa mu 2005, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu wathu. Achimwene musaope, funsani bwino musanaweruze za eni ake.