Mayi wathu sakufuna mawu awo pa intaneti, pulopozo ndiilembe bwanji?

Nachisale, Leeds:
Anzanga a m'mabungwe, ndibwerekeni nzeru. Kabungwe kathu kakupempha ndalama ku National Lottery Heritage Fund, bungwe la kuno ku UK lothandiza ntchito zosunga mbiri yakale, kuti tijambule mawu a akuluakulu athu okhala kuno amene anaona za 1959 ndi maso awo. Mmodzi anali mwana wasukulu ku Nkhata Bay pa 3 Malichi, tsiku limene asilikali anawombera anthu padoko, omangidwa ali m'sitima ya Mpasa. Wina bambo ake anatsekeredwa ku Kanjedza. Pandivuta ndi apa: lamulo la a Fund likuti zojambulidwa ndi ndalama zawo zipezeke pa intaneti ndi laisensi ya CC BY 4.0, yoti aliyense angathe kuzitenga. Mayi wina akuti akamba zonse, ndi za kuthawa kwawo nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, koma osati dziko lonse limve. M'nkhani yawo muli mayina a anthu amene anakawanenera kupolisi, ndipo ana a anthuwo akadali kumudzi. Ndiwasiye?

A Gondwe, Glasgow:
Musawasiye achemwali, mayiwo ndiwo mwini nkhani. Lamulolo lili ndi mpata: ngati kutulutsa chinthu kungapweteke munthu, mumapempha kuti chisalowe m'laisensiyo. Komanso maganizo a munthu pa ndale amatetezedwa mwapadera ndi UK GDPR, lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu. Alembereni a Fund musanatumize pulopozo, ndipo mulembemo poyera kuti zina zidzatsekedwa. Osadikira kuti ndalama zibwere kaye.

Nangozo, Manchester:
Ife tinatengera njira ya a Oral History Society, bungwe la ojambula mbiri yapakamwa: mafomu awiri. Yoyamba amasaina musanayatse chojambulira. Yachiwiri amasaina pambuyo, ndipo ine ndimaonetsetsa kuti ayambe amvera okha zimene ananena. Pamenepo ndi pomwe amasankha: ichi chituluke, ichi chitsekedwe zaka zakutizakuti, apa dzina lichotsedwe. Fomuyo muwawerengere m'chinenero chawo. Anthu amene anakulira m'nthawi yoti ngakhale khoma linkamva sasaina pepala lachingerezi ndi mtima umodzi.

Chinanso, ndalama yolembera mawuwo musaichepetse pa bajeti. Ola limodzi la agogo olankhula Chitonga chosakaniza ndi Chichewa linkatidyera tsiku lathunthu, kumasulira kusanayambe. Ife tinadalira ongodzipereka ndipo anatopa pakati panjira. Womasulira alipidwe.

A Mbewe, Nottingham:
Ndikugwirizana nazo, koma musatseke zochuluka. Oweruza pulopozo amafunsanso kuti anthu atengapo mbali yotani. Aphunzitseni achinyamata obadwira kuno kuti azifunsa agogowo ndi iwo. Lipoti la Devlin, lofufuza zimene zinachitika mu 1959, linawerenga anthu 51 ophedwa, koma ana athu ndi angati angatchule dzina la mmodzi yekha? Kumudzi timapuma pa 3 Malichi chaka chilichonse, kuno tsikulo limangodutsa ana ali m'kalasi.

Nachisale, Leeds:
Zikomo nonse. Ndawaimbira mayi aja madzulo ano. Avomera kuti za 1959 zituluke, koma gawo la mayina litsekedwe. Achinyamata ndawaika m'pulopozo, womasuliranso wapeza mzere wake pa bajeti. Chatsala n'kupeza nyumba yosungira zakale yomwe ingalandire zotsekedwazo, chifukwa pa laputopu yanga sizingakhale. Amayi Nangozo, zanu munakasungitsa kuti, ndipo kalata yovomera kulandira munaitenga musanatumize pulopozo?