Maakaunti masana, kwaya madzulo, kumasulira usiku: mutu ukukana kusintha

Nachisale: Akuluakulu thandizeni. Ntchito zitatu zonsezi ndimazitha, vuto ndi posinthira. Kumapeto kwa mwezi ndikatseka Excel, pulogalamu yowerengera ndalama, reconciliation (kufananitsa mabuku a ndalama ndi za ku banki) isanagwirizane, ndimafika ku kwaya makutu atagontha. A alto akutsika pansi pa noti, ine m'maso muli ma column okhaokha. Usiku ndikati ndimasulire, ziganizo zikutuluka zouma ngati invoice. Inu a ntchito zingapo mumatani?

Gondwe: Siyani imodzi mayi. Mutu ndi umodzi.

Nabanda: Asisi, luso muli nalo. Howard Gardner, katswiri wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Harvard, mu 1983 anatchula mitundu 7 ya nzeru, ndipo ya manambala, ya nyimbo ndi ya mawu ili momwemo. Koma musaganize kuti iliyonse ili ndi mphamvu zakezake zosungira. Kutopa kumagwira zonse. Komanso akatswiri ambiri a zamaganizo amatsutsa zoti nzeruzi n'zosiyana kwenikweni.

Gondwe: Ndi zomwe ndikunenazo. Siyani imodzi.

Mbewe: Chikukupwetekani ndi ntchito yosamalizayo. Sophie Leroy anafufuza zimenezi mu 2009, kuti maganizo amatsalira pa ntchito imene mwaisiya panjira. Musanadzuke pa desiki lembani pakapepala: ndalekezera pa mzere wakuti, kusiyana n'kwa ndalama zakuti, mawa ndiyambire bank statement. Mukatero mutu umamasukako. Koma usiku musakhudzenso manambala, mudzalowetsa debit ku credit.

Jere: Ine ndinkagwira ndi mkulu wina, waya wamagetsi masana, kiyibodi usiku. Manja ndi makutu zinali bwinobwino, chinamugwetsa ndi anthu. Oimba ankawalankhula mmene amalankhulira anyamata a pa saiti, mpaka woimba bass ananyamula gitala lake pakati pa practice osabweranso. Samalani kamvekedwe ka mawu, mwana wa kwaya si kasitomala wangongole.

Nabanda: Chinanso, mafayilo a makasitomala asakhale pa laputopu imene mumabwereketsa oimba. Ndipo kontrakiti yanu ya masana mwaiwerenga? Ena amaletsa ntchito zapambali.

Gondwe: Mukaiwerenga mudzaona kuti ndikunena zoona.

Mbewe: A Gondwe, si inu mumakonza magalimoto n'kumajambulanso maukwati?

Gondwe: Zanga zonse n'zamanja ndi maso. Zawozi zitatu zikudya mutu womwewo.

Jere: Kodi pomasulira mukugwiritsa pulogalamu yanji, Trados kapena OmegaT? Yanga translation memory, fayilo yosunga ziganizo zomwe ndinamasulira kale, ikukana kutseguka chisinthireni kompyuta.