Ndimulangize bwanji mnyamata wofuna kusiya kunyamula zitsulo kuti atsatire Mark Henry?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munanyamulapo zitsulo pa mipikisano kapena mumatsatira bwino masewero ogwetsana a WWE, ndikupempha nzeru pa nkhani ya mwana wa mchemwali wanga, amene ine monga malume ake ndikuyenera kumulangiza. Mnyamatayu ali ndi zaka 19 ndipo mphamvu ali nazo zosachita kufunsa. Anayamba ndi simenti youmitsa m'zitini ziwiri za penti zolumikiza ndi paipi, kenaka anapeza mphunzitsi amene wakhala akumuwongolera kaimidwe ka miyendo ndi kagwiridwe ka chitsulo. Tsopano akuti zonsezo azisiya chifukwa ndalama zili ku masewero ogwetsana, ndipo mboni yake ndi Mark Henry, wonyamula zitsulo wa ku America amene anadzatchuka pa masewero ogwetsana.

Mbiri ya munthuyu, ine ndikaiona, ikutsutsana ndi zimene mnyamatayu akufuna kuchita. Henry anabadwa mu 1971 ku Silsbee m'chigawo cha Texas, ndipo anaimira dziko la America pa mpikisano wa Olympic kawiri. Ku Barcelona mu 1992 anakhala nambala 10 pa gulu la anthu olemera kwambiri, ndipo ku Atlanta mu 1996, kumene anali mtsogoleri wa timu yonyamula zitsulo, anavulala msana n'kuthera pa nambala 14. Pakati pa mipikisano iwiriyi, mu 1995, anapata mendulo za golide, siliva ndi bronze pa Pan American Games ku Mar del Plata, ndipo chaka chomwecho anadzutsa pansi makilogalamu 410. Pamene kampani ya masewero ogwetsana ya WWF, imene lero ndi WWE, inkamupatsa mgwirizano wa zaka 10 mu 1996, inkagula dzina limene linali litamveka kale, osati mnyamata wosadziwika wongokhala ndi thupi lalikulu.

Ngakhale ndi dzina limenelo, zinthu sizinamuyendere msanga. Mu 2000 anamutumiza ku Ohio Valley Wrestling, kumene kampaniyo inkaphunzitsira ongoyamba kumene, kuti akachepetse thupi ndi kuphunzira bwino ntchito, ndipo lamba wamkulu wa World Heavyweight anadzamutenga mu 2011 atagonjetsa Randy Orton, patapita zaka 15 chilowereni m'kampaniyo. Ndiye ndikufunsa kuti, kodi mphamvu za wonyamula zitsulo zimathandizadi pa masewero ogwetsana, ndipo ndingayankhule naye bwanji mnyamatayu popanda kumugwetsa ulesi?

Yankho loyamba

Bambo, ine ndinanyamulapo zitsulo ndisanakule chonchi, ndipo ndikuuzeni kuti masewero awiriwa amafuna thupi losiyana. Wonyamula zitsulo amaika mphamvu zake zonse pa masekondi ochepa, akatsitsa chitsulo n'kukakhala pansi kupuma, pamene wogwetsana amafunika mpweya wokhalitsa, kuthamanga pakati pa zingwe ndi kudziwa kugwa chagada popanda kuthyoka khosi. Chovuta kwambiri kwa munthu wamphamvu ngati Henry n'chakuti amayenera kunyamula mnzake ndi kumuponya pansi mooneka moopsa koma osamupweteka, chifukwa mnzakeyo akufunika kudzaseweranso mawa lake. Kurt Angle, amene anapata golide pa kugwetsana kwenikweni ku Atlanta komweko mu 1996, anayamba kuonekera mu WWF mu 1999 ndipo chaka chotsatira anali atatenga kale lamba wamkulu, chifukwa thupi lake linali litazolowera kulimbana ndi munthu, osati chitsulo.

Mnyamata wanuyo mumukumbutsenso za 2002. Henry, ali kale wogwetsana, anabwerera ku mpikisano wa anthu amphamvu, Arnold Strongman Classic yoyamba ku Columbus, ndipo anapambana. Kumeneko kunali chitsulo chotchedwa Apollon's Wheels, cha makilogalamu 166, chimene mtanda wake ndi wonenepa pafupifupi masentimita 5 ndipo sutembenuka m'manja monga umachitira wa pa Olympic, moti zala sizikumana bwino ukaugwira. Iye anachikweza pamwamba pa mutu katatu. Pamene pa wailesi yakanema ankamutchula kuti munthu wamphamvu kwambiri padziko lonse, anthu ankakhulupirira chifukwa cha ntchito ngati imeneyo, choncho zitsulo zimene mnyamatayo akufuna kuzitayazo ndizo zinali chuma cha Henry.

Yankho lachiwiri

Ine ndikusiyana pang'ono ndi akulu ayankha pamwambawa, chifukwa mphamvu Henry anali nazo kuyambira 1996, koma chimene chinasintha mu 2011 ndi khalidwe limene anavala, la munthu waukali wothyola anzake miyendo, limene analitcha Hall of Pain. Mu 2013 anabwera atavala jekete, n'kuyankhula misozi ili m'maso kuti akupuma pa ntchito, anthu onse n'kukhulupirira, kenaka anamunyamula wogwetsana mnzake John Cena amene ankamukumbatira n'kumumenyetsa pansi. Limenelo ndi luso la chisudzo, ndipo zotsatira za masewerowa zimakonzedweratu, choncho mnyamata wanuyo mumufunse ngati amatha kuyankhula pagulu, m'Chingerezi, mpaka anthu kumuda kapena kumukonda. Ken Patera, amene ananyamula zitsulo ku Munich mu 1972 n'kudzatenga lamba wa WWF wotchedwa Intercontinental mu 1980, nayenso anadziwika kwambiri monga munthu wodedwa ndi oonerera.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndaganiza zoti ndisamuletse kukonda zogwetsanazo, koma tigwirizane kuti apitirize ndi mphunzitsi wake mpaka alowe mipikisano yovomerezeka, kuti akhale ndi makilogalamu olembedwa amene angaonetse munthu, ndiponso asiye kuponyana ndi anzake pa matiresi popanda wowaphunzitsa kagwedwe. Chimene ndikupemphabe kwa inu bambo munayankha poyamba ndi malangizo a kasamalidwe ka msana ndi mawondo kwa munthu wa msinkhu wake, popeza wayamba kale kudandaula kuti akawerama ndi chitsulo cholemera amamva kukoka m'chiuno.