Chigwembe cha kuseri kwa sukulu: tikwirire kapena tidikire?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Njerwa za buloko zaotchedwa, ndalama ya tilakitala ilipo. Koma aphunzitsi aakulu andiimbira kuti mchigwembe muja timafuna kukwirira ana akumatolamo miyala yosemedwa mvula ikakokolola, ndiye akuti tidikire kaye a myuziyamu ya ku Karonga boma adzaone. Tikambirane ndisanalipire.

Gwamaka wa ku Joni: Miyala bwana wapampando?? Ana akuphunzirira pansi pa mtengo ife tizidikira miyala, Karonga yonse ndi miyala yokhayokha kkkk. Ndalama timaivutikira kuno, kwirirani basi

Mayi a Lusekelo: Achimwene mtima pansi. Miyala imeneyo si wamba, mukaigwira mbali imodzi yakuthwa ngati mpeni ndipo pakuoneka pomwe munthu anamenya kuti ibenthuke. Kumapiri akuno anthu ofukula zakale akhala akuipeza kuyambira kale, J. Desmond Clark anakumba pamudzi wa Mwanganda m'ma 1960 nkupeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala, ndiye zisamakhale ngati zachilendo

Gwamaka wa ku Joni: Ndiye anapeza kale, akufunanso chani

Tuntufye: Amalume ndiloleni ndilowepo pang'ono poti izi ndinaziwerengako kusukulu. Gulu la Jessica Thompson wa ku Yale linakumba malo ambiri kuno kwathu ndipo mu 2021 anatulutsa zotsatira zoti anthu analipo kale kuno zaka 92,000 zapitazo. Anafananiza ndi matope omwe anaboola pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005, mmatopemo mumatsalira mungu wa mitengo ndi timakala, chaka ndi chaka zikusanjikizana. Kale nyanja yathuyi inaphwerapo kwambiri ndi chilala choopsa, ndipo nthawi zonse mvula ikabwerera nkhalango imabwereranso. Koma cha m'ma zaka 85,000 zapitazo mvula inabwerera, nyanja inadzadza, nkhalango osabwerera momwe imachitira, mmalo mwake makala ndi omwe anachuluka. Iwo akuti ndi anthu amene ankatentha tchire, mitengo yosapirira moto nkutha, dothi nkumakokoloka kutsika mmapiri kudzaunjikana kumunsi kuno, ndi lomwelo linakwirira zida zawo zija. Ndiye dothi lofiira lomwe chigwembe chikung'ambalo mwina ndi lomweli

Ambwene: Ohooo ndiye lupsa ndi chikhalidwe chathu eti, a zankhalango asamatilonde tikamasaka mbewa kkkk

Tuntufye: Ayi akulu musapotoze. Aja anali ochepa, ankatentha kuti msipu uphuke nyama zibwere pafupi, analibe minda ya mpunga kumunsi yoti ikwiririke ndi mchenga. Ife pano mtsinje wa North Rukuru ukasefukira timalira tonse

Mayi a Lusekelo: Ndipo ine chomwe chikundiwawa nchakuti chibwano cha munthu wakale chija anachipeza ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni, azungu amachidziwa mmabuku mwawo koma mwana wa sitandade 7 wa pamudzi pathu mumufunse, amangodziwa Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana chomwe mafupa ake anapezeka konkuno, basi chifukwa anamva pa wailesi. Myuziyamu ilipo kuyambira 2004, ndi ana angati a sukulu yathu analowamo?

Gwamaka wa ku Joni: Mlongo wanga zonsezo ndamva koma akabwera anthu amenewo nkunena kuti malo atsekedwa ndiye buloko timanga kuti? Ndimawadziwa, abwera ndi timaburashi tawo kumasesa kadothi zaka zitatu, simenti yathu nkuuma mmatumba, mitengo ya zinthu nayo ikukwera daily

Msungichuma: Apa a Gwamaka ali ndi mfundo, simenti tinagula kale ndipo siingadikire mpaka dzinja lithe. Komanso tisaiwale kuti zinthu zakale zofukulidwa pansi lamulo limaziteteza, si za gulu lathu kapena za amfumu, tikangopondetsa tilakitala tikudziwa kale mawa zidzatitembenukira. Ine ndimati bwanji buloko tiisunthire chakumtunda kufupi ndi bwalo la mpira, kumeneko nkolimba sikufunanso kukwirira, ndalama ya tilakitala ija tigulire vetiva ndi mbande tidzale mmphepete mwa chigwembe chisamakule

Ambwene: Bwalo la mpira lokha musalikhudze chonde, anyamata atiukira

Msungichuma: Ndati kufupi, sindinati pabwalo

Tuntufye: Ndipo anawo awauze asiye kutola, mwala ukachoka pamalo pake akatswiri sangadziwenso zaka zake chifukwa amayeza mchenga womwe waukwirira, kuti unaona dzuwa komaliza liti. Omwe atoledwa kale asungidwe muofesi mwa ahedi

Gwamaka wa ku Joni: Chabwino koma ine ndikufuna tsiku. Pakatha sabata ziwiri a myuziyamu osabwera, maziko ayambike kumtundako, ndipo za vetivazo ndione malisiti

Wapampando: Zamveka. Ndiwaimbira ahedi mawa alembe kalata yopita ku myuziyamu, amfumu ndikawaona ndekha Loweruka za malo akumtundawo poti mbali ina ndi munda wa munthu. A msungichuma tumizani mtengo wa mbande pagulu pano. Amene simunasonkhe za mwezi uno mukudzidziwa