Thandizeni: app yowerengera bitrate ya pa foni ndikufuna izigwira pa kompyuta

Wojambula maukwati, Luchenza:
Moni nonse apagulu. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Luchenza. Pa foni ndili ndi ka app kowerengera bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data imene vidiyo imatenga pa sekondi iliyonse: umalemba kutalika kwa vidiyo ndi kukula kwa fayilo imene ukufuna, iko n'kukupatsa nambala yoti uike potulutsa vidiyoyo. Koma ntchito yonse ndimagwirira pa kompyuta, ndiye ndikufuna kazitsegukira pomwepo. Kodi n'zotheka? Kompyuta yanga ndi Dell ya pa tebulo, Core i3, RAM 4 GB, Windows 10. Panopa ndili ndi vidiyo ya ukwati ya maola awiri ndi theka. Eni ake abweretsa flash ya 8 GB, akuti azikaonera pa TV kunyumba kwawo.

Wokonza makompyuta, Chitakale:
N'zotheka achimwene. Windows payokha sitsegula app ya Android, pamafunika pulogalamu yotchedwa emulator, imene imapanga ngati foni mkati mwa kompyuta. Zodziwika ndi BlueStacks, LDPlayer ndi MEmu. Ija ya Microsoft, Windows Subsystem for Android, musavutike nayo: inali ya Windows 11 ndipo eni ake anasiya kuisamalira mu March 2025.

Musanawononge bandulo, yambani mwaona ngati virtualization, mbali ya CPU imene emulator imadalira, ndi yotsegula. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka pitani pa Performance, kenako CPU. Kumunsi kudzanja lamanja muona mawu akuti Virtualization. Ngati palembedwa Disabled, zimitsani kompyuta, poyatsanso muzidina F2 mobwerezabwereza mpaka BIOS, tsamba losinthira zoikamo za kompyuta Windows isanayambe, itatseguka. Pa Dell ndi F2, pa HP nthawi zambiri ndi F10. M'menemo fufuzani Intel Virtualization Technology, muitsegule, musunge zosinthazo musanatuluke. Amene muli ndi AMD, kwa inu imatchedwa SVM Mode. Mukasiya chinthu chimenechi chili chotseka, emulator imakakamira pa chithunzi choyamba osapitirira, kapena imatseguka koma kuyenda ngati nkhono.

Mukatero tengani emulator pa tsamba la eni ake, osati pa masamba ogawa mapulogalamu aulere aja. Ikatseguka lowani mu Play Store ndi akaunti ya Google, fufuzani app yanuyo, ikani monga mumachitira pa foni.

Koma ndikuuzeni zoona zake. BlueStacks 5 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo a 5 GB pa disiki. Inuyo muli pa malire penipeni. Windows 10 imakhala itadya kale pafupifupi theka la RAM yanu musanatsegule kalikonse. Mukatsegula emulator pamene pulogalamu yodulira mavidiyo ili mkati mogwira ntchito, zonse ziwiri ziziima. Ngati mukuifunabe, mu Settings za emulator ipatseni ma core 2 ndi RAM 1 GB yokha, ndipo muziitseka musanayambe kutulutsa vidiyo.

Mphunzitsi wa za makompyuta, Thyolo boma:
Zomwe anena a ku Chitakale ndi zolondola, koma pali njira yopepuka yosafuna emulator. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa scrcpy, kamene kamaonetsa foni yanu pa sikirini ya kompyuta, inu n'kumaiyendetsa ndi mouse ndi keyboard. App imakhala ikugwirabe ntchito mu foni momwemo, choncho kompyuta silemedwa.

Pa foni lowani mu Settings, About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri motsatizana. Patuluka Developer options, m'menemo tsegulani USB debugging. Pa kompyuta tengani scrcpy pa GitHub, imabwera ngati zip, imasuleni mu foda, lumikizani foni ndi chingwe, dinani scrcpy.exe. Foni ikufunsani ngati mukulola kompyutayo, vomerani.

Ambiri amagwa pa chingwe. Zingwe zina zotchipa zimangotchaja, zilibe mawaya onyamula data, ndiye kompyuta siona foni ngakhale pang'ono. Yesani chingwe chimene mumasamutsira zithunzi. Ngati ndi foni ya Xiaomi kapena Redmi, pali USB debugging yachiwiri yolembedwa Security settings, nayonso itsegulidwe, apo ayi muziona foni pa sikirini koma mouse osagwira.

Wodula mavidiyo a makwaya, Limbuli:
Akuluakulu, tikuzungulira phiri pamene njira yachidule ilipo. Zimene app imeneyi imachita ndi samu ya mzere umodzi. Tengani kukula kwa fayilo mu MB, chulukitsani ndi 8,000, gawani ndi masekondi a vidiyo. Yotulukayo ndi bitrate yonse mu kbps. Chotsanipo ya mawu, yotsalayo ndiye ya chithunzi.

Mu Excel: A1 lembani MB, B1 lembani mphindi, C1 lembani bitrate ya mawu, D1 ikani =A1*8000/(B1*60)-C1. Basi, calculator yanu ndi imeneyo, sifuna intaneti kapena BIOS.

Tsono nkhani yeniyeni ili pa flash ija, ndipo app singakuuzeni. Flash zazing'ono zambiri zimabwera zili pa FAT32, womwe ndi mtundu wa kasungidwe ka mafayilo mu flash, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Mukalemba 8 GB mu app, ikupatsani nambala yosangalatsa, mudikira maola ambiri vidiyo ikutuluka, pokopera Windows n'kukuuzani kuti fayilo yakula kwambiri, pamene flash ili yopanda kanthu. Komanso flash yolembedwa 8 GB, Windows imaionetsa ngati 7.2 mpaka 7.5, chifukwa opanga amawerengera 1,000 pamene Windows imawerengera 1,024.

Tiyeni tiwerenge vidiyo yanuyo. Maola awiri ndi theka ndi mphindi 150, masekondi 9,000. Ngati mukufuna fayilo imodzi, ikani 3,800 MB kuti pakhale mpata. 3,800 kuchulukitsa ndi 8,000, kugawa ndi 9,000, zikupereka 3,377. Mawu apatseni 160 pa AAC (mtundu wa kasungidwe ka mawu), zitsala 3,217, inu mulembe 3,200.

Wojambula maukwati, Luchenza:
Zikomo kwambiri achimwene, za FAT32 zandithandiza. Nanga 3,200 imeneyi ikwanira pa 1080p? Komanso sindingangoisintha flash kupita ku exFAT kapena NTFS kuti fayilo yaikulu ilowe?

Wodula mavidiyo a makwaya, Limbuli:
Pa 1080p ndi H.264 (njira yopanikizira vidiyo kuti fayilo ichepe), 3,200 ndi yochepa pa ukwati. Yerekezani ndi YouTube, imene imalangiza 8 Mbps pa 1080p ndi 5 Mbps pa 720p kwa otumiza mavidiyo a 24 mpaka 30 fps. Pamene abusa akudalitsa ukwati, kamera ili pa tripod, anthu ali phee, chithunzi chizioneka bwinobwino. Mavuto amayamba pa perekaniperekani: anthu akuvina, ndalama zikuuluka, zitenje za anamkungwi zili ndi timaluwa tambirimbiri, kamera nayo ikuyenda. Chilichonse pa chithunzi chikusintha nthawi imodzi, bitrate sikwana, nkhope zimasanduka timabokosi. Ngati munajambulira panja ndipo kumbuyo kuli minda ya tiyi, masamba aja amangopakika ngati utoto wobiriwira. Ndipo gawo limeneli ndi lomwe abale amabwereza kuonera kuti adzione.

Sankhani chimodzi. Tsitsani vidiyo ifike pa 720p, bitrate ikhalebe 3,200, pa TV ya mainchesi 32 izioneka yoyera. Apo ayi iduleni pawiri, kutchalitchi payokha, kumadyerero payokha. Zigawo zikakhala za mphindi 75, chilichonse 3,600 MB, samu ikupereka 6,400, kuchotsa 160 kutsala 6,240. Lembani 6,200 ndipo 1080p iima bwino. Zonse ziwiri pamodzi ndi pafupifupi 7,200 MB, zikwana mu flash. Ineyo ndingadule pawiri. Ngati zigawozo sizikufanana kutalika, werengani chilichonse pachokha, ndipo gawo la magule mulipatse bitrate yokwererapo.

Wokonza makompyuta, Chitakale:
Pa zosintha flash, chenjerani. Kompyuta iwerenga exFAT ndi NTFS popanda vuto, koma ma TV ndi ma DVD player ambiri akale amangodziwa FAT32. Eni ukwati akalowetsa flash, TV n'kulemba kuti mulibe kanthu, mlandu ukhala wanu. Ngati simukudziwa mtundu wa TV yawo, flash ikhalebe pa FAT32. Chimodzimodzi H.265, njira yatsopano kuposa H.264: imachepetsadi fayilo pa ubwino womwewo, koma TV zakale zimangotulutsa mawu chithunzi chili bii, kapena kukana fayiloyo. Pa Core i3 imachedwanso kwambiri kutuluka. MP4, H.264, mawu AAC, ndi zomwe zimaseweredwa pafupifupi paliponse.

Mayi wojambula zithunzi ndi mavidiyo, Bvumbwe:
Ndiwonjezere poika nambalazo, chifukwa ena amawerenga bwino koma n'kulakwitsa polemba. Mu HandBrake, pulogalamu yotulutsira mavidiyo, pitani pa Video, sankhani Avg Bitrate, osati Constant Quality. Constant Quality imasunga ubwino wa chithunzi koma kukula kwa fayilo simungakudziwiretu. Chongani Multi-pass Encoding, pa HandBrake zakale imalembedwa 2-Pass. Ulendo woyamba imayang'ana vidiyo yonse, wachiwiri imachepetsa bitrate pa ulaliki n'kuiwonjezera pa magule, fayilo n'kutuluka pa kukula komwe munawerengera. Nthawi imatalika, choncho yambitsani pamene mukudziwa kuti magetsi akhalitsa, chifukwa akazima pakati mumayambiranso pachiyambi.

Yang'anitsitsaninso muyeso. HandBrake imafuna kbps, pamene pulogalamu yodulira mavidiyo ya Premiere Pro imafuna Mbps. 6,200 ya HandBrake ndi 6.2 mu Premiere. Framerate isiyeni monga munajambulira. Ngati ndi 25 ikhale 25.

Mphunzitsi wa za makompyuta, Thyolo boma:
Mayi anena zofunika. Musanatulutse vidiyo yonse, dulani mphindi ziwiri za pamene kuvina kwafika pachimake, zitulutseni ndi nambala zomwezo, kayeseni pa TV yakale imene mungaipeze pafupi. Pa 6,200 ndi mawu 160, mphindi ziwiri zikuyenera kukhala pafupifupi 95 MB. Zikatuluka zosiyana kwambiri ndi pamenepo, tsegulani fayiloyo ndi kapulogalamu kotchedwa MediaInfo muone bitrate imene yalowadi, kawirikawiri mupeza kuti Constant Quality inatsala yochongedwa.

Wojambula maukwati, Luchenza:
Mwandithandiza nonse. Emulator ndaisiya kaye mpaka nditawonjezera RAM. Ndalemba samu ija mu Excel, gawo la kutchalitchi ndi mphindi 60, la kumadyerero ndi 90. Ndiike bwanji?

Wodula mavidiyo a makwaya, Limbuli:
Kumadyerero ikani 3,900 MB, musapitirire pamenepo chifukwa cha FAT32. Pa mphindi 90, mutachotsa 160 ya mawu, zikupereka 5,617, lembani 5,600. Kutchalitchi 2,400 MB yakwana, pa mphindi 60 ndi 5,173, lembani 5,100. Zonse pamodzi sizipitirira 6,300 MB, ndiye malo otsalawo muikemo zithunzi zawo.